MUTU 6: KAMZERE KAMENE KEZIYA SADALEMBE

1. Dzanja labwino

Pa sekondale yoyendera ya Kansengwa, mbali ya kwa Chiosya, padalibe wophunzira wolemba bwino kuposa Keziya Mbewe. Zilembo zake zinkaima moongoka ngati mizere ya munthu wolima ndi chingwe. Anzake a mu Folomu 3 adamupatsa dzina loti Taipi, ngati makina olembera makalata.

Chidali chaka cha 1999. Sukuluyo idali itangokwezedwa kumene kukhala sekondale, ngakhale chimene chidasintha chidali chikwangwani cha pamsewu basi. Ife a nthawi imeneyo tidalandira zinthu zambiri zatsopano: zipani, manyuzipepala, ndi ufulu wolankhula mpaka kukhosi kuuma. Mabuku okha ndiwo adasochera panjira.

Masamu a sukulu yonse, kuyambira Folomu 1 mpaka Folomu 4, ankaphunzitsa munthu mmodzi, a Gerald Mkandawire, ochokera ku Rumphi. Iwo adaphunzira uphunzitsi wa pulayimale, ndipo adawakweza chifukwa padalibe wina. Buku la masamu la Folomu 3 adalibe. Chimene adali nacho ndi mtolo wa mapepala akale a sukulu yamakalata, omangidwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Mapepalawo adali otuwa, odyedwa ndi mphemvu m'mbali, ndipo paliponse padali timadontho ta ntchentche.

Makalasi anayi adawachulukira, choncho a Mkandawire adapeza njira. Ankapatsa Keziya pepala ndi choko.

"Lemba izi pabolodi anzako akopere. Ine ndili ku Folomu 4, ndibwera."

Nthawi zambiri belu linkalira asadabwere.

Keziya ankaikonda ntchitoyo. Masamu enieniwo sankawamva. Pa mayeso a temu yachiwiri adapeza 14 pa 100. Koma akagwira choko, kalasi yonse inkadikira dzanja lake. Adalinso mtsikana waukhondo, wosafuna kusamutsira litsiro la papepala pabolodi. Akaona kadontho, ankakasiya. Pamwamba pa manambala ena, pafupi ndi kanambala kakang'ono kaja, pankapezeka kamzere kochepa ngati mwendo wa udzudzu. Nakonso ankakasiya, poganiza kuti ndi ntchito ya ntchentche.

Motero Lolemba lina ophunzira 74 adalemba m'makope mwawo kuti 2³ = 8. Lachitatu lake adalembanso kuti 2³ = 1/8. Palibe amene adakweza dzanja. Tidaleredwa choncho: cholembedwa pabolodi n'choona, ndipo wofunsa ndi wamwano.

2. Galimoto yoyera

Lachinayi lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pasukulupo padafika galimoto yoyera ya boma. Mudatsika mayi wamfupi wovala magalasi. Adali Mayi Luwiza Chimbalanga, oyendera sukulu ochokera ku Lilongwe.

Adalowa mu Folomu 3 nthawi ya masamu, nakhala pa benchi lakumbuyo. Kenaka adatolera makope khumi n'kuyamba kuvundukula. Adatsegula loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pofika pa lachisanu adavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

Adapita kutsogolo, natenga choko, nalemba 2³ = 8.

"Kalasi, izi n'zoona?"

"Inde, Madamu."

Pansi pake adalemba 2³ = 1/8.

"Nanga izi?"

"Inde, Madamu."

"Funso limodzi, ansala ziwiri," adanong'ona Tiyanjane, mnzake wa Keziya wokhala naye benchi limodzi. "Matipate imeneyo."

Mayi Chimbalanga adatembenukira kubolodi. Kenaka adagunda bolodi ndi nsonga ya choko, naika kamzere kakang'ono patsogolo pa 3 wa pamzere wachiwiri. Tsopano padalembedwa 2⁻³ = 1/8.

"Kamzere aka kadapita kuti? M'makope khumi awa mulibe ndi kamodzi komwe. Pa mutu wa mafankishoni nawonso, pamene payenera kukhala f⁻¹, aliyense walemba f¹. Masabata asanu ndi limodzi ana awa akhala akulemba bodza, ndipo akulilemba mokongola."

Keziya adayang'anitsitsa pabolodi. Adakazindikira kamzereko. Kadali kamwendo ka udzudzu kaja.

"Amalemba pabolodi ndani?" adafunsa mayiwo.

Mitu ingapo idayamba kutembenukira kwa Keziya, koma a Mkandawire adafulumira kulankhula.

"Kalasi ndi yanga, Madamu. Cholakwa n'changa."

"Ndiye kuti inu, mphunzitsi wa masamu, simusiyanitsa 8 ndi 1/8?"

A Mkandawire adangoyang'ana nsapato zawo.

Zenera la ofesi ya a hedi lidalibe galasi, choncho zimene zidakambidwa m'menemo pa nthawi yopuma zidamveka mpaka pansi pa mtengo wa mango.

"Ndikupita kukaona sukulu za kwa Mavwere," adatero Mayi Chimbalanga. "Mawa masana ndidutsanso pano kudzasainira lipoti. Ndilemba kuti a Mkandawire abwerere ku pulayimale."

"Nanga masamu aphunzitsa ndani, Madamu?" adafunsa a hedi. "Kupempha mphunzitsi wina kumatenga zaka ziwiri."

"Bola kalasi yopanda mphunzitsi kusiyana ndi kalasi yoloweza bodza."

Poweruka, Tiyanjane adamukoka Keziya pa malaya.

"Taipi, wapulumuka lero. Ukapereke nkhuku kutchalitchi."

"Mapepala a Sala Mkandawire ali ndi timizere timene tija," adatero Keziya. "Ndinkatisiya ndine."

"Ndikudziwa. Tonse tikudziwa. Koma Sala adzisankhira okha, iwe tseka pakamwa. Ukaulula, anthu 73 akudya wamoyo. Anyamata akumbuyo aja adzakuimbira nyimbo mpaka udzamalize Folomu 4, ngati a hedi sakuthamangitsa."

3. Mawu awiri

Keziya adapeza amayi ake, a Tereza, ali pakhonde kusenda mtedza wa mbewu. Adakhala pambali pawo, nayamba kusenda nawo, nawafotokozera zonse. A Tereza adaleka kusenda.

"Tamvera, mwana wanga. Anthu obwera pa galimoto ya boma sitiwayankha. Amalume ako a Elias adaimirira pamsonkhano chaka cha 1983, kungofunsa chifukwa chake mtedza wathu ankaugula motchipa. Funso limodzi. Adabwerako patapita miyezi isanu ndi inayi, mano awiri palibe. Inu ana mumati zinthu zidasintha. Chidasintha n'chiyani? Nsalu zovinira ndizo zidasintha mtundu. Aphunzitsi akowo ndi munthu wamkulu, ali ndi mapepala awo. Akawabweza ku pulayimale akadyabe. Iwe akakuchotsa sukulu ulowera kuti? Kukagulitsa zitumbuwa kuboda? Munthu wamkulu akakuphimba ndi nsalu yake, usamavundukule. Ndanena ine, mayi ako."

A Tereza adapatsa Keziya botolo la thobwa kuti akapereke kwa abambo ake.

A Jailosi Mbewe adali okumba zitsime, ndipo Okutobala udali mwezi wawo. Masiku amenewo ankazamitsa chitsime cha m'mudzi woyandikana nawo chimene chidaphwa. Iwo ankakumba pansi, ndipo mnzawo a Goliati, mkulu wotsimphina mwendo wakumanzere, ankakoka ndowa ya dothi pamwamba.

Keziya atafika, a Goliati adawerama pakamwa pa chitsime. "Jailosi, tuluka. Kwabwera mtsogoleri wa mawa ndi thobwa."

A Jailosi adakwera, thupi lonse lili katondo yekhayekha. Adamwa, napatsira mnzawo botolo. A Goliati adalitenga n'kupita nalo pamthunzi kukanola khasu.

"Nkhope imeneyo si ya dzuwa," adatero a Jailosi. "Kwagwanji?"

Keziya adafotokozanso, nanenanso zimene amayi ake adamuuza. A Jailosi adakhala pa mulu wa dothi, natenga chingwe cha ndowa, nayamba kuchiyendetsa m'zala zawo pang'onopang'ono monga ankachitira nthawi zonse asadatsike.

"Nambewe," adatero. Ankamutchula choncho akafuna kunena za mumtima. "Amayi ako sakunama. Zimene zidachitikira amalume ako ndidaziona ndi maso anga. Koma ndikuuze zimene sindidauzepo munthu, ngakhale amayi akowo.

"Chaka cha 1987 tinkakumba kwa Mavwere. Nthawi imeneyo wokumba pansi adali a Goliati, ine ndidali wapamwamba. Tsiku lina ndidaiwala chingwe panja, chiswe n'kuchilawa. M'mawa ndidapaona pamene padadyedwapo. Padali pochepa, posakwana chala changa ichi. Kuti ndinene, kudali kudziulula kuti wosasamala ndine, ndipo ndidali nditangoyamba kumene ntchito. Ndidati n'pochepa, palibe kanthu.

"Masana ndowa yodzaza dothi idaduka ili pakati. A Goliati adali pansi, mamita khumi ndi awiri. Idawagwera pa bondo. Mwini chitsime atafunsa, a Goliati adati chingwe adachiona okha m'mawa ndipo adachilola. Adanama kuti ine ndisachotsedwe. Mpaka lero sadanditchule.

"Tawaona m'mene akuyenderamo."

Keziya adayang'ana. A Goliati ankabwerera kuchokera pamthunzi, phewa limodzi likutsika pa sitepe iliyonse.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikuwuona mwendo umenewo tsiku ndi tsiku," adapitiriza a Jailosi motsitsa mawu. "Anthu amati Jailosi ndi wolimba mtima, salola mnzake kutsika m'chitsime, amatsika yekha. Si kulimba mtima. Munthu akakubisira mlandu, usaganize kuti wakutula. Umausenzabe, kungoti tsopano palibe angakuthandize, chifukwa palibe akuwuona. Ine tsiku langa lonenera lidali limodzi, ndipo lidadutsa. Lako ndi mawa. Sindikukulamula. Ukakhala chete udzakhalabe mwana wanga. Ukalankhula n'kukuchotsa sukulu, ndidzapita ndekha kwa a hedi, ndi matope angawa."

"Jailosi, walowa ubusa kodi?" adaitana a Goliati. "Dothi likudikira kumusi uko."

A Jailosi adaseka, nagwira mwana wawo paphewa, n'kusiyapo chidindo cha zala zisanu zofiira pa yunifolomu. Kenaka adatsika.

4. Pabolodi

Lachisanu galimoto idafika itangokwana 1 koloko. Mayi Chimbalanga adalowa mu Folomu 3 pamodzi ndi a hedi, atanyamula envelopu yakhaki. A Mkandawire adali atavala tayi, imene ankavala pa tsiku lotsekera sukulu lokha.

"Ndabwera kudzakuuzani za makope anu a masamu," adayamba mayiwo.

Keziya adaimirira. Tiyanjane adamukoka siketi, koma iye adachotsa dzanjalo.

"Madamu, ndili ndi mawu."

"Keziya, khala pansi," adatero a Mkandawire.

"Pepani, Sala, sindikhala. Madamu, amalemba pabolodi ndine. Sala amandipatsa mapepala. Timizere tija m'mapepalamo tilimo. Ndinkatisiya ndine."

Mayi Chimbalanga adatenga mtolo wa mapepala pa tebulo, namasula ulusi, napita nawo pazenera pamene padali kuwala. Adayang'ana tsamba limodzi nthawi yaitali, kenaka lina.

"Tilimodi," adatero. "Unkatisiyiranji?"

"Ndinkayesa zonyansa za ntchentche, Madamu."

Kalasi idaphulika kuseka. Kumbuyo wina adayamba kulira ngati ntchentche. A hedi adamenya tebulo. Mayi Chimbalanga sadaseke.

"Bwera kuno. Kodi kamzere kameneka ukudziwa ntchito yake?"

"Ayi, Madamu."

"Temu yonse ukulembera anzako zinthu zimene sukuzidziwa?"

"Ndimangolemba bwino, Madamu."

Mayiwo adalemba pabolodi manambala awiri, −8 ndi −3. "Yaikulu ndi iti?"

Keziya adaloza −8. Theka la kalasi lidagwedeza mitu movomereza.

"Mwaona, a Mkandawire? Mtsikanayu wakuchotserani mlandu umodzi, koma wandionetsa wina." Adayamba kutsegula envelopu.

"Madamu, mundipatseko mphindi khumi," adatero a Mkandawire. "Musaine pambuyo pake."

Mayiwo adayang'ana wotchi, nakhala pa mpando.

A Mkandawire adajambula mzere wopingasa pabolodi. "Apa ndi pamene timaponda. Ziro." Kuchokera pamzerepo adajambula dzenje lalitali. "Keziya, ichi n'chitsime. Abambo ako ali pansi, mamita 8. Munthu wina watsika mamita 3 okha. Ali pamwamba pa mnzake ndani?"

"Wa mamita 3, Sala."

"Nanga bwanji unaloza −8?"

"Kwathu chitsime cha mamita 8 ndiye chachikulu."

"Chitsimecho n'chachikulu, sukunama. Koma nambalayi sikunena za chitsime. Ikunena pamene munthu waima. Akamakwera, nambala ikukula. Akamatsika, ikuchepa. Tsono yaikulu ndi iti?"

Keziya adayang'ana chojambulacho, naika chala pa −3. Kenaka, popanda womufunsa, adati, "Ndiye kuti −1 ikuposa zonsezi. Watsala pang'ono kutuluka."

"Watsala pang'ono kumwa thobwa," adatero a Mkandawire. "Tiyanjane, bweretsa nzimbe ili pansi pa benchi lakolo."

"Nzimbe iti, Sala?"

"Imene yakhala ikundisuzumira kuyambira m'mawa."

Tiyanjane adaibweretsa akukoka mapazi. Idali yaitali, yonenepa bwino.

"Tikalemba 2³, tikuti tenga chinthu chimodzi uchiwirikize, ubwereze katatu. Ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu. Tikaika kamzere patsogolo pa 3, tikuti bwerera chammbuyo. M'malo mowirikiza, gawa pakati, katatunso."

Adaithyola nzimbeyo pa bondo. Adatenga theka limodzi nalithyolanso. Adatenga chidutswa chimodzi nachithyola kachitatu. Adakweza kotsalako m'mwamba.

"Tizidutswa tonga aka tingatuluke tingati mu nzimbe yonse ija?"

"Eyiti," idayankha kalasi.

"Ndiye aka ndi kamodzi mwa eyiti, 1/8. Kodi nzimbeyi yalowa m'chitsime? Yasanduka mainasi?"

"Ayi, Sala."

"Ilipo, yangochepa. Choncho ndisadzaone munthu akulemba kuti 2⁻³ ndi −8, kapena −6."

"Kwa ine yasanduka mainasi, Sala," adatero Tiyanjane.

Ulendo uno ngakhale Mayi Chimbalanga adabisa pakamwa ndi envelopu. Kenaka adaimirira, nalemba f(x) = 2x + 3, ndipo pansi pake f⁻¹. "Nanga apa, mtsikana? Kamzere kako kabweranso."

Keziya adali atayamba kulimba mtima. "Ndi 1 pamwamba, f pansi, Madamu. Monga 1/8 ija."

"Apa ndi pamene ambiri amagwera," adatero a Mkandawire, "ndipo wagwa mwanzeru. Pa nambala, kamzereka kamatero. Koma f si nambala. Ndi ntchito imene timaichita pa nambala, ndipo f⁻¹ ndi kumasula ntchitoyo. Keziya, ukamachokera kumjigo uli ndi mwana wa achemwali ako, umayamba n'chiyani?"

"Kubereka mwana. Kenaka kusenza ndowa."

"Ukafika kunyumba?"

"Kutula ndowa. Kenaka kutsitsa mwana."

"Ukayamba n'kumasula mwana ndowa ili pamutu?"

"Mwana asamba asakufuna," adayankha Tiyanjane.

"Chimene udachita pomaliza ndicho umayamba kumasula. Tsono f uyu akuti: tenga nambala, uchulukitse ndi 2, uwonjezere 3. Tenga 5."

Keziya adawerenga pa zala. "Ikhala 10. Kenaka 13."

"Ndibwezere 5 wanga."

Keziya adayang'ana 13 uja. Kalasi yonse, ngakhale anyamata akumbuyo aja, idadikira.

"Ndiyamba kutula 3," adatero pang'onopang'ono. "Itsala 10. Kenaka ndigawa ndi 2." Adalemba 5, ndipo kwa nthawi yoyamba nambala yake idapendekeka.

Mayi Chimbalanga adayang'ananso wotchi. Mphindi khumi zidali zitapitirira kalekale.

"A Mkandawire, dzulo ndimayesa simudziwa masamu. Lero ndaona kuti mumawadziwa, ndipo zimenezi zandipweteka kuposa za dzulo. Zimene mwachita ndi nzimbe ya mwanayu mukadatha kuchita mu Seputembala. Ndikudziwa kuti muli nokha pa makalasi anayi. Si inu mudapanga zimenezo. Koma kusiyira mwana choko osabwera kudzaona chimene walemba, mudapanga ndinu. Dzulonso mudafuna kumuteteza pomulola akhale ndi bodza. Mtima wabwino umenewo ukadamuwononga.

"Inu a Folomu 3, mwamuseka mnzanu. Iye adasiya kamzere chifukwa sankadziwa. Inu mudaona ansala ziwiri pa funso limodzi, anthu 73, maso 146, ndipo palibe adafunsa. Makolo anu ankaopa kufunsa, ndipo adali ndi zifukwa. Inu mukuopa chiyani? Chaka chamawa woonetsetsa mayeso sadzakufunsani kuti adalemba pabolodi ndani."

Adabwezera pepala mu envelopu.

"Lipotili sindisaina lero, komanso sindiling'amba. Pa 12 Novembala ndibweranso. Sindidzatsegula kope la munthu. Ndidzaitana Keziya pabolodi pano ndi mafunso asanu pa mitu itatu imeneyi. Akadzakhoza anayi, a Mkandawire adzakhala. Akadzalephera, ndidzasaina."

5. Masabata atatu

Ophunzira atatuluka, Keziya adatsalira. Tiyanjane adayamba watolera zidutswa za nzimbe yake, napatsa Keziya chachikulu, natuluka.

A Mkandawire adali atamasula tayi. Ankafufuta bolodi ndi chisanza, koma chitsime chija adachisiya.

"Ndinakuuza kuti ukhale pansi," adatero osacheuka.

"Munandiuza, Sala."

"Sunamve."

"Sindinamve, Sala. Pepani. Pepaninso za timizere tija."

Adatembenuka. Maso awo adali ofiira, mwina chifukwa cha fumbi la choko.

"Ine dzulo ndinali nditayamba kale kulongedza mbale m'katoni. Ndinati zaka ziwiri za sekondale zandikwanira, ndibwerere kwa ana a Sitandade 5. Ukadakhala chete sindikadakuda, Keziya. Koma zikomo."

Keziya adayang'ana nzimbe m'dzanja lake. "Sala, mayeso apita aja ndidapeza 14."

"Ndikudziwa. Ndidachonga ndine. Ziwiri mwa zimenezo ndidakupatsa chifukwa cha zilembo."

Adaseka onse awiri, koma kuseka kwake kudali kwakufupi.

"Tili ndi masabata atatu," adatero a Mkandawire. "Tiyamba Lolemba. Aliyense adzabwezera yekha timizere m'kope mwake, ndipo pa kalikonse adzandiuza chifukwa chake. Iwe uzitsalira ukaweruka. Tandipatsa mapepala aja tione poyambira."

Patebulo padali ulusi wa thumba la feteleza wokha.

A hedi adasuzumira pakhomo. "Ngati mukufuna mapepala anu, Madamu apita nawo. Akuti akawaonetse akuluakulu ku Lilongwe, aone zimene ana akuno akuphunzirira. Mwina atitumizira mabuku chaka chamawa."

"Chaka chamawa," adabwereza a Mkandawire. Adakhala pa benchi la ophunzira, mawondo akugunda desiki. Chimene chidatsala pa sukulu yonse chidali makope 74 olakwika.

"Palibe buku lina, Sala? Ngakhale lobwereka?"

"Sukulu zonse zozungulira kuno zili ngati ife." Kenaka adapukusa mutu. "Lilipo. Ku Kachebere kuli mkulu wina wopuma pantchito, a Benedicto Zimba. Adaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndipo ali ndi kabati yodzaza mabuku. Koma kumeneko iwalako. N'kutali, njinga umapalasa tsiku lathunthu. Komanso ine ndi iwo tidayambana zaka zitatu zapitazo. Adandiuza pamaso pa anthu kuti ndisadzapondenso pakhomo pawo."

Keziya adaika nzimbe m'chikwama, namanga lamba wake.

"Mawa ndi Loweruka, njinga ya Ababa ikhala ili chabe," adatero. "Za pakhomozo adauza inu, Sala. Ine sadandiuze."